Galu Wanu Angathe Kuphunzira Ubusa

Mvula ikagwa, chimanga n'kuyamba kumera m'minda ya kuno kwa Khombedza, ufulu wa mbuzi umathera pomwepo. Chilimwe chonse izo zimangodziyendera, kutola mapesi m'minda ndi makoko a mango m'mbali mwa mseu wa M5 wochokera ku Salima kupita ku Nkhotakota. Koma kuyambira mu Disembala kufikira nthaŵi yokolola, mbuzi iliyonse iyenera kukhala pachingwe kapena kukhala ndi woiyang'anira, pakuti ikaloŵa m'munda mwa mnansi mlandu wake umakathera kwa anyakwaŵa, ndipo kaŵirikaŵiri mbuzi yomweyo ndiyo imasanduka malipiro. Nanga woiyang'anirayo ndani? Ife aphunzitsi yankho timalidziŵa, popeza timaliŵerenga m'kaundula m'maŵa uliwonse. M'teremu yachiŵiri mu Januwale malo a anyamata ambiri amakhala opanda eni ake, ndipo ukafunsa, anzawo amangoti, "Ali kubusa." Sukulu ya pulayimale inakhala yaulere m'chaka cha 1994, koma mbuzi sizinamve za lamulo limenelo.

Pamene mwanayo ali kudambo, pakhomo pamatsala wina wopanda chochita tsiku lonse. Wagona kunsi kwa nkhokwe, nthiti zili pamtunda, kudikira nkhoko za mumphika. Ameneyu ndiye galu. Ife timamusunga kuti aziuwa usiku, ndiponso kuti anyamata azipita naye kosaka mbeŵa ndi akalulu tchire likapsa. Komatu m'maiko ambiri galu ndi mbusa weniweni, ndipo luso limeneli si la dzulo ai, pakuti ngakhale buku la Yobu, mutu 30, limatchula agalu osunga nkhosa. Makolo anzanga, tiyeni tione ngati galu wathuyu sangasenzeko gawo la katundu amene tasenzetsa ana.

Ntchito ziŵiri zosiyana

Agalu a ubusa ali a mitundu iŵiri, wokusa ndi wolonda, ndipo munthu wosakaniza ntchito zawo adzavutika pachabe.

Galu wokusa ndi uja amazungulira ziŵeto, kuzisonkhanitsa ndi kuzipititsa kumene mbuyake afuna. Otchuka pa ntchitoyi ndi agalu a mtundu wa Border Collie, ochokera ku mapiri a m'malire a England ndi Scotland. Mpikisano wina wotchuka wa agalu okusa nkhosa unachitikira ku Bala, m'dziko la Wales, m'chaka cha 1873. Patapita zaka 20, mu 1893, mbusa wina dzina lake Adam Telfer wa ku Northumberland anakhala ndi galu wotchedwa Old Hemp, amene ankayendetsa nkhosa mwakachetechete, ndi maso okha, ndipo agalu ambiri a mtunduwu masiku ano ndi zidzukulu zake. Chinsinsi cha galu wotere n'chakuti kukusa ndi kusaka kodukiza panjira. Chilombo chikamasaka chimayamba ndi kuyang'anitsitsa, kenaka kunyang'ama, kuthamangitsa, kuluma ndi kupha. Abusa a kumeneko, posankha agalu obereketsa kwa mibadwo yambiri, anasunga zitatu zoyambazo nafooketsa ziŵiri zotsirizazo. Choncho nkhosa zimamvera galu wokusa chifukwa zimamuopa pang'ono.

Galu wolonda ngwosiyana kotheratu. Ziŵeto sizimuopa konse, pakuti iye amadziyesa mmodzi wa izo. Amagona nazo, amayenda pakati pawo mutu uli pansi, ndipo mdani akafika amaima kutsogolo kwawo nauwa. Charles Darwin, poyenda m'dziko limene lero likutchedwa Uruguay m'chaka cha 1833, anadabwa kuona magulu aakulu a nkhosa kutali ndi midzi, opanda munthu, ali ndi galu mmodzi kapena aŵiri basi. Atafunsa anamva kuti kagalu kankachotsedwa kwa make kali kakang'ono, n'kukonzeredwa pogona m'khola la nkhosa, kuyamwitsidwa kwa nkhosa yaikazi, ndi kuletsedwa kuseŵera ndi ana a pakhomo kapena agalu ena. Njira yomweyi ikugwira ntchito muno mu Africa. Ku Namibia, bungwe la Cheetah Conservation Fund, limene Dr Laurie Marker anayambitsa mu 1990, linayamba mu 1994 kupereka kwa alimi ana a agalu aakulu a mtundu wa Anatolian, ochokera ku Turkey, kuti akulire pakati pa mbuzi ndi nkhosa ndi kuziteteza ku cheetah, chilombo chamaŵanga chofanana ndi kambuku. Alimi ambiri anachitira umboni kuti ziŵeto zogwidwa zinachepa kwambiri. Ku Botswana, bungwe la Cheetah Conservation Botswana linayesa agalu wamba a m'midzi, ndipo linapeza kuti amagwira bwino ntchito, amapirira kutentha, ndiponso safuna chakudya chambiri.

Nkhani ya ku Botswanayi ndiyo yotikomera ife. Galu waubweya wautali wa ku mapiri ozizira angavutike ndi dzuŵa la Okutobala kuno kunyanja, osanena za nkhupakupa ndi mtengo womugulira. Galu wathu wa ubweya waufupi ndi mchira wopindika anazoloŵera kale zonsezi. Chimene wakhala akusoŵa ndi mphunzitsi.

Sukulu yake ndi khola

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo pa galu mawuŵa ngoona kufikira pa kuŵerenga masabata. John Paul Scott ndi John Fuller, akatswiri a ku America amene anafalitsa zofufuza zawo mu 1965, anasonyeza kuti kagalu kamaphunzira kuti abale ake ndani kuyambira sabata lachitatu kufikira cha m'ma sabata la 12. Zimene kakhala nazo pa nthaŵi imeneyi ndizo kadzakonda moyo wake wonse. Galu wamkulu amene anakulira pakhonde simungamusandutse mlonda wa mbuzi, ngakhale mutamumangirira m'khola chaka chathunthu. Mukangomumasula adzabwerera pakhonde.

Tsono tengani kagalu ka masabata 7 kapena 8, kongoleka kumene kuyamwa. Yang'anani make: ngati ndi wogwira nkhuku kapena woluma anthu popanda chifukwa, pitani kwina. Pakati pa tiana take musatenge kamantha kobisala kuseri, ndiponso musatenge kaja kothamangitsa chilichonse choyenda. Kofatsa, koyang'ana chinthu chachilendo mosatekeseka, ndiko koyenera.

Kaikeni m'khola pamodzi ndi ana a mbuzi aŵiri kapena atatu, ndi mbuzi yaikazi imodzi yofatsa. Pangodya mukhomepo timitengo kuti pakhale pothaŵira, poloŵa kagalu kokha, chifukwa mkota wokhala ndi mwana ungathe kukathyola nthiti ndi mutu umodzi. Ngati khola lanu ndi lam'mwamba, monga amalimbikitsira alangizi a ziŵeto, tsekani mipata ya pansi pa ngodya imeneyo kuti timiyendo tisakodwe. Chakudya ndi madzi kazilandirira momwemo. Masiku oyamba kadzalira usiku, ndipo apa ndipo pamagona mayeso a banja lonse, pakuti ana adzamva chisoni nafuna kukatenga kuti kagone kukhitchini. Amayi ndi abambo agwirizane mawu amodzi: kagaluka si kachidole. Ana angathe kukaona pokapereka chakudya, kukasisita pang'ono, kukagwira makutu ndi mapazi kuti kasadzakhale kolusa pa tsiku la katemera, koma zonsezi zichitikire m'khola, ndipo zikhale zachidule. Kukabereka kumbuyo kapena kuthamanga nako pabwalo, ai.

Kakakwanitsa miyezi itatu kapena inayi kayambe kutuluka ndi mbuzi, poyamba pafupi ndi mudzi ndiponso m'maŵa dzuŵa lisanakwere. Kakathaŵira kunyumba musakapatse kanthu, ngakhale mawu okoma. Kabwezeni ku mbuzi nthaŵi yomweyo, ndipo mukayamikire kumeneko. Mungachite zimenezi kakhumi pa sabata, koma m'kupita kwa nthaŵi kadzazindikira kuti zabwino zonse zimapezeka pamene pali mbuzi.

Nyengo yovuta imafika galu akakhala pakati pa miyezi isanu ndi khumi, msinkhu umene tingauyerekeze ndi wa anyamata a Sitandade 7. Magazi ali m'thupi, ndipo amafuna kuseŵera ndi ana a mbuzi monga akanaseŵerera ndi agalu anzake: kuŵathamangitsa, kuŵagwetsa, kuŵatafuna makutu. Iye sakudziŵa kuti akulakwa, koma maseŵera otere akalekereredwa amathera m'magazi, ndipo galu amene walaŵa mwana wa mbuzi ngwovuta kumubweza. Mukaona wayamba, mudzudzuleni pomwepo ndi liwu limodzi lolimba lakuti "Leka!" Kudzudzula madzulo chinthu chimene chinachitika m'maŵa n'kungomusokoneza, pakuti galu sagwirizanitsa chilango ndi cholakwa chakale. Muchotseni kwa tiana, mumuike ndi mikota ndi atonde, amene adzamuphunzitsa ulemu msanga kuposa inu. Chikoti ndiye musachigwire. Galu womenyedwa amaphunzira chinthu chimodzi chokha, kuopa dzanja lanu, ndipo adzachita zomwezo inu mukapotoloka.

Anyamata, mawu aŵa ndi anu. Galu wa mbuzi sapita kuuzimba, ngakhale tsiku limodzi. Mukamuonetsa kukoma kwa kuthamangitsa kalulu, tsiku lina adzasiya mbuzi kudambo natsata fungo la gwape, ndipo ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi idzathera pomwepo. Asazoloŵerenso kuyenda ndi gulu la agalu a m'mudzi. Kufula galu wamphongo kumachepetsa kuyendayenda kumeneku, ndipo alangizi a ziŵeto angakuthandizeni.

Raymond ndi Lorna Coppinger, amene anayesa agalu olonda pa mafamu a ku America kuyambira m'zaka za m'ma 1970, anati galu wotere amuyese pa zinthu zitatu: kodi ngwokhulupirika, wosavulaza chiŵeto, kodi amakhala nazo osazisiya, kodi amaziteteza. Chachitatuchi chimadza chokha ziŵiri zoyambazo zikakhazikika, ndipo chimachedwa. Galu amakhwima nzeru akatha chaka ndi theka kapena zaka ziŵiri. Musayembekeze kuti adzapha fisi. Fisi ndi nkhandwe zimadalira kufika mwakachetechete, monganso mbala ya miyendo iŵiri, tsono galu akauwa, anthu n'kudzuka ndi miuni, ulendo wawo waonongeka. Galu mmodzi wolondola fisi mumdima mwina sangabwerere, chifukwa chake khola lolimba likufunikabe, ndipo malo a galu usiku ndi m'kati mwake kapena pakhomo pake.

Kukusa ndi kubweza

Kulonda kokha sikuthetsa vuto la dzinja, pakuti galu wolonda amatsata mbuzi kulikonse kumene zipita, ngakhale m'munda wa thonje wa mfumu. Pamafunika galu wodziŵa kubweza. Pakati pa agalu athu mumapezeka ena amene mwachibadwa amakonda kuthamangira kutsogolo kwa ziŵeto ndi kuzitsekera njira, m'malo mozipirikitsa kumbuyo. Mukaona wotere, msungeni bwino. Ameneyu akulire pafupi ndi munthu amene adzagwira naye ntchito, chifukwa adzafunika kumvera munthuyo koposa mbuzi.

Maphunziro ake amayambira pabwalo, mbuzi palibe. Adziŵe dzina lake ndi mawu atatu: "Bwera," "Ima," "Leka." Za dzinali ndinenepo pang'ono. Kwathu kuno dzina la galu nthaŵi zina limakhala mkuluwiko wolasa mnansi, monga Adaniatopa kapena Mudzanenazina. Zimenezo n'zokometsera mudzi, koma pofika pomaliza kuitana dzina lotero mbuzi zidzakhala zitatha mizere itatu ya chimanga. Dzina likhale lalifupi. Mawuwo akhale omwewo tsiku ndi tsiku, ochokera kwa munthu mmodzi poyamba, ndipo galu akachita bwino alandire kachidutswa ka nsima kapena kusisitidwa nthaŵi yomweyo. Liwu lakuti "Ima" ndilo lalikulu pa onse. Galu amene simungathe kumuimitsa musapite naye ku ziŵeto.

Akayandikira chaka chimodzi, sankhani mbuzi zisanu zofatsa, zopanda ana, muziike pamalo otchingidwa. Galu akhale pachingwe chachitali. Mudzaona kuti galu wa mtima wokusa amafuna kuima mbali ina ya mbuzi, moyang'anana ndi inu, mbuzi zili pakati. Inu mukasunthira kumanja iye amasunthira kwina kuti mbuzi zikhalebe pakati panu. Zimenezi simuchita kumuphunzitsa, mumangozikulitsa. Yendani chobwerera m'mbuyo, mumlole azibweretse kwa inu. Akathamanga kwambiri muimitseni. Akafuna kudumphira pakati pa gulu, mutchingireni ndi thupi lanu kapena ndi ndodo yoloza pansi kuti azungulire patali. Mawu a mbali, "Kumanja" ndi "Kumanzere," muziŵatchula pamene iye wayamba kale kuloŵera mbali imeneyo, kufikira liwu ndi ntchito zitalumikizana m'mutu mwake. Pambuyo pake liwu lililonse mulipatse likhweru lakelake, chifukwa mwera ukamaomba kuchokera kunyanja mawu samveka patali. Phunziro lisapitirire mphindi 10 kapena 15, ndipo lekani galu akadafunabe. Mphunzitsi aliyense adziŵa kuti phunziro lopitirira belu sililoŵa.

Mbuzi si nkhosa. Nkhosa zikaopa zimaunjikana, pamene mbuzi zimabalalika, ina kukwera pachulu, ina kutembenuka ndi kuloza nyanga. Galu wamng'ono akagundidwa ndi tonde pa tsiku loyamba angathe kutaya mtima osabwereranso, choncho imani pafupi naye, mumuthandize kutembenuza yamakaniyo kuti aone kuti iye ndiye wapambana. Ng'ombe zidikire kufikira atakhwima, ndipo ng'ombe ya mwana wakhanda asaiyandikire konse.

Phunziro lotipindulitsa koposa ndi la malire. Abusa a ku Germany, kumene nkhosa zimadya m'mbali mwa minda yopanda mipanda monga kwathu kuno, amaphunzitsa galu kuyenda chokwera ndi chotsika m'mphepete mwa munda, kuti iye akhale ngati mpanda wamoyo. Ifenso tingathe. Sankhani malire ooneka ndi maso, monga kanjira, mzere womalizira wa munda kapena ngalande. Yendani naye pachingwe m'malire amenewo m'maŵa ndi madzulo, mbuzi zikudya mbali imodzi. Mbuzi ikadutsa, nenani "Bweza," muthamangire naye limodzi kukaitembenuza, ndipo ikangobwerera muimitseni, mumuyamikire, mubwerere naye pamalire. Chovuta n'chakuti aphunzire kuleka mbuzi ikabwerera, osaipirikitsa mpaka pakati pa zinzake. Zimatenga masabata ambiri. Koma galu akazigwira, mudzamuona akudzuka yekha mbuzi isanafike n'komwe pamzere, ndipo mbuzi nazo zimaphunzira kuti kumeneko kuli mwini.

Ena adzafunsa ngati galu mmodzi angachite zonse ziŵiri. Kuuwa fisi angathe aliyense, koma galu woleredwa m'khola musamukakamize kuthamangitsa abale ake, ndipo mbuzi zomwe sizidzamuthaŵa. Mabanja atatu kapena anayi ophatikiza ziŵeto zawo angathe kusunga agalu aŵiri, wina wolonda, wina wobweza. Ndinenenso mosabisa kuti galu saloŵa m'malo mwa munthu m'dzinja. Iye sadziŵa kuti dambo ili alimamo mpunga chaka chino, kapena kuti galimoto za pamseu siziima. Chimene amachita ndi kutenga ntchito ya miyendo. Kubusa kumafuna anyamata chifukwa cha kuthamanga, ndipo kuthamangako kukachoka, agogo aamuna okhala pamthunzi wa mtondo ndi ndodo yawo, kapena munthu wamkulu mmodzi wosinthana ndi anzake, angathe kusunga gulu limene kale linkafuna ana aŵiri kapena atatu. Ana adzalandire mbuzi akaŵeruka kusukulu ndi pa Loŵeruka.

Wantchito adye

Galu wanjala sangakhale mbusa. Adzasiya mbuzi kukafuna chakudya kudzala, kapena adzayamba kuona ana a mbuzi ndi maso ena. Adye kaŵiri pa tsiku, m'maŵa asanatuluke ndi madzulo atabwera: phala la mgaiwa kapena la madeya lophikidwa bwino, losakaniza ndi zotsala za usipa kapena bonya, zimene kuno kunyanja sizisoŵa. Madzi akhalepo nthaŵi zonse. Pomwetsa ziŵeto ku Lingadzi kapena kunyanja, kumbukirani kuti ng'ona imagwira galu monga imagwirira mbuzi.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziŵa. Mukapha mbuzi, musaponyere galu mutu wosaphika kapena zam'kati zaziŵisi. Mu ubongo wa mbuzi zina mumakhala kathumba kamadzi, kamene ndi mbewu ya njoka ya m'mimba yaphanthiphanthi. Galu akadya kathumbako, njokayo imakulira m'matumbo mwake, mazira ake amatuluka ndi chimbudzi n'kugwera paudzu, mbuzi ina n'kudya, ndipo kathumba kamakamera mu ubongo wake. Mbuzi yotero imayamba kupendeka mutu, kuyenda mozungulirazungulira, mpaka kufa. Galu wogona ndi mbuzi angathe kufalitsa matendaŵa m'khola lonse, choncho mitu ya mbuzi zodwala itenthedwe kapena ikwiriridwe mozama, ndipo galu azimwa mankhwala a njoka za m'mimba miyezi itatu iliyonse.

Choopsa koposa ndi chiŵeŵe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati matendaŵa amapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amaŵatenga kwa agalu. Ana osafika zaka 15 ndiwo amalumidwa kaŵirikaŵiri. Galu wa kubusa amakumana ndi nkhandwe ndi agalu osokera, ndipo akadwala angapatsire mbuzi, ng'ombe ndi mbusa yemwe. Abayidwe katemera akakwanitsa miyezi itatu, ndi kubwereza chaka ndi chaka. Bungwe la Mission Rabies linayamba kutemera agalu ochuluka mu mzinda wa Blantyre mu 2015, ndipo ana ofika ndi chiŵeŵe ku chipatala cha Queen Elizabeth anachepa. Munthu akalumidwa, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo osadikira zizindikiro, pakuti zizindikiro zikaoneka mankhwala palibe.

Wofuna kuyesa aŵerengere miyezi. Kagalu kobadwa mu Juni kaloŵe m'khola mu Ogasiti, pamene mbuzi zikudya pafupi ndi mudzi ndipo m'minda mulibe choononga. Miyezi ya chilimwe ikhale yozoloŵerana ndi kuyenda maulendo aafupi. Mvula yoyamba idzakapeza kali ndi miyezi isanu ndi umodzi, pa msinkhu wovuta uja, choncho dzinja limenelo kayende ndi munthu wamkulu tsiku lililonse. Wobweza ayambe maphunziro a mbuzi zisanu aja mukatha kukolola, m'minda muli mapesi okhaokha, kuti akalakwitsa pasakhale mlandu. Dzinja lachiŵiri ndilo loyamba kumudalira.